Zitsulo pamsana wopindika kwa mayi a zaka 67: tivomere opaleshoni kapena tidikire?

Mayi a Shakira: Moni nonse. Ndabwera ndi nkhani yomwe yatisowetsa tulo pabanja pathu, mwina alipo wina amene anadutsamo. Mayi anga ali ndi zaka 67, amakhala kumudzi mbali ya ku Malindi. Pa utsikana wawo anali owongoka bwinobwino, koma zaka zapitazi msana wakhala ukupindikira kumbali pang'onopang'ono. Pano akaima phewa limodzi limatsika, chiuno n'kutulukira kwina. Kupindikako sadandaula nako kwenikweni. Chawathetsa mphamvu ndi miyendo. Akayenda pang'ono, monga kuchoka pakhomo kufika pamjigo, mwendo wakumanja umayaka moto kuchokera m'thako mpaka ku katumba, kenako dzanzi. Akakhala pansi zimaleka, akanyamuka zimayambiranso.

Kuchipatala cha boma kuno anawajambula X-ray, anatitumiza ku Zomba, kenako tinakaonana ndi dokotala wa mafupa ku Blantyre. Iye akuti ndi scoliosis ya ukalamba, kutanthauza kupindikira kumbali kwa msana, ndipo poyeza kupindikako kwafika madigiri 38, ndipo njira imodzi ndi opaleshoni yolumikiza mafupa a msana ndi zitsulo. Anati tikaganize bwino. Achimwene anga ali ku Joni akuti ndalama azipeza, mayi apangidwe basi, kaya ku India kaya komweko. Ine mtima wanga sukukhazikika. Mayi ali ndi shuga, amamwa metformin. Alipo amene kholo lake linapangidwa opaleshoni imeneyi pa msinkhu wotere?

Che Amidu wa ku Namwera: Achemwali, pepani ndi matenda. Ine ndinena mosabisa, msana musaulole mpeni. Amalume anga analowa ku fiyeta akuyenda ndi ndodo, anatulukako pa njinga ya olumala, sanadzukenso mpaka tinawaika m'manda. Asiyeni mayi akhale ndi ululu womwe akuudziwa kale.

Bambo Mbewe: Mayi a Shakira, ine ndine clinical officer wa mafupa. Sindingawaunike mayi pa foni, koma tisanakambe za zitsulo ndiyankheni izi kaye. Mkodzo ndi chimbudzi akudzigwira bwino? Alibe dzanzi pakati pa miyendo, pamene munthu amakhalira? Phazi silikukwekwereza pansi akamayenda, kapena patapata kuvuka iwo osamva? Awonda, akutuluka thukuta usiku, kapena ululu umawadzutsa ali chigonere osagwedezeka?

Mkodzo ukayamba kuthawa kapena kukanika kutuluka, limodzi ndi dzanzi la pakatilo, imeneyo si nkhani yokambirana pagulu. Nyamukani tsiku lomwelo, chifukwa mitsempha yakumunsi ikafinyika nthawi yaitali sibwereranso mwakale. Ngati zonsezi palibe, nthawi yoganiza muli nayo. Kupindika kwa ukalamba sikuthamanga, kumawonjezeka pang'onopang'ono pa zaka.

Che Amidu, amalume anuwo matenda awo anayamba bwanji?

Che Amidu wa ku Namwera: Anayamba kuwonda ndi kutentha thupi madzulo, kenako pamsana panatuluka linunda losongoka. Abale anawazungulitsa kwa asing'anga, msana wonse mphini zokhazokha. Pofika kuchipatala miyendo inali italemera kale.

Bambo Mbewe: Zimenezo zikumveka ngati TB ya msana, ndipo kuno timakumana nayo kawirikawiri. Imadya fupa, fupalo n'kuphwanyika, msana n'kupindikira kutsogolo, osati kumbali. Ambiri amachira ndi mankhwala a TB okha akabwera msanga. Akabwera miyendo itafooka kale, opaleshoni imangokhala yoyesa kupulumutsa zotsala, ndiye n'kovuta kunena kuti mpeni ndi umene unawalumaza. Ndipotu kulumikiza mafupa a msana kunayambira pa odwala TB omwewo. Madokotala awiri a ku New York, Russell Hibbs ndi Fred Albee, anayamba kuchita zimenezi mu 1911.

Komabe mantha anu sindikuwapeputsa. Mtsempha umatha kuvulala pa opaleshoni ya msana, ngakhale si kawirikawiri, ndipo dokotala woona mtima amakuuzani yekha musanasaine.

Mayi a Shakira: Zikomo Bambo Mbewe. Mkodzo ndi chimbudzi zili bwino, sanawonde, makhololo anayezedwa TB sinapezeke. Akagona amagona tulo ndithu. Phazi silikwekwereza. Dokotala anati pakufunika MRI, kujambula kwina koonetsa zam'kati mwa msana, koma sitinajambulitse chifukwa timaganiza kuti ndi ya amene avomera kale opaleshoni. Pa ululu amamwa diclofenac wogula, pafupifupi tsiku lililonse.

Bambo Mbewe: Diclofenac wa tsiku ndi tsikuyo ndi amene akundidetsa nkhawa kuposa madigiri 38 aja. Kwa munthu wachikulire wa shuga, mankhwala amenewa pamodzi ndi brufen amawononga impso ndiponso amabweretsa zilonda zam'mimba, ndipo impso zikafooka ngakhale metformin amayenera kuunikidwanso. Mukapita ku kiliniki ya shuga mupemphe awayeze impso, ndipo muwauze za diclofenac. Panado ndi wofatsa. Pa kuyaka kwa mwendoko pali mankhwala a ululu wa mitsempha monga amitriptyline kapena gabapentin, koma awalembere ndi a chipatala, chifukwa kwa achikulire amabweretsa chizungulire, n'kugwa.

MRI si ya amene avomera kale. Ndi imene imathandiza kudziwa ngati pali chovomera. X-ray imaonetsa mafupa, mitsempha siionetsa.

Baba Tiyese: Musavutike ndi ma opaleshoni. Ndili ndi mankhwala a zitsamba owongola msana pa masabata atatu. Ndipezeni ku inbox.

Woyang'anira gulu: Baba Tiyese, malonda pano ayi. Palibe chakumwa kapena chopaka chowongola mafupa a munthu wamkulu. Mukabwereza tikuchotsani.

Chisomo wa mafizo: Mayi a Shakira, ndifotokozeko zomwe zikuchitika m'katimo, mwina zikuthandizani pokambirana ndi achimwene anu. Kumunsi kwa msana kuli mafupa asanu amene amanyamula thupi lonse lakumtunda. Pakati pawo pali tinthu tofewa totchedwa ma disc. Munthu akamakula ma disc amauma n'kuphwa, ndipo saphwa mofanana, mbali imodzi imatha msanga. Timfundo takumbuyo timaperepeseka, mafupa n'kuyamba kupendekeka ndi kupotoka. Potero ngalande yomwe mitsempha ya m'miyendo imadutsamo imachepa. Munthu akaima chilili kapena kuyenda, ngalandeyo imapanikizika kwambiri, mwendo n'kuyaka. Akakhala pansi kapena kuwerama imatseguka pang'ono, n'chifukwa chake mayi akapuma zimaleka. Afunseni ngati miyendo imapepuka akamasesa kapena akatsamira ndodo.

Kupindika pakokha n'kofala kwa achikulire kuposa mmene timaganizira. Madokotala amati scoliosis ikayambira madigiri 10. Kafukufuku wa Frank Schwab ndi anzake ku America mu 2005 anajambula anthu 75 opitirira zaka 60, ndipo 68 pa 100 alionse anapezeka ndi msana wopindika. Tikanati aliyense wopindika aikidwe zitsulo, bwenzi agogo ambiri ali pamzere wa ku fiyeta. Chofunika kufunsa n'chakuti chikuwaletsa kuyenda n'chiyani, ndipo chili pa fupa liti.

Za mafizo ndisakunamizeni, sawongola msana. Amalimbitsa minofu ya pamimba, m'matako ndi m'ntchafu, amaphunzitsa kuyenda modukizadukiza, ndipo ena mtunda wawo umawonjezeka. Ena sasintha. Koma ngakhale mutadzasankha opaleshoni, amene walowa ku fiyeta ndi minofu yamphamvu amadzuka msanga.

Jafali (Joni): Achemwali, poti mwaibweretsa pagulu, nanenso ndilankhule. Ine pochoka kumudzi mayi ankasenza dengu la usipa kuchoka kunyanja okha. Mwezi watha pa video ndinawaona akugwira khoma popita kukhitchini, ndinalephera kudya tsiku limenelo. Kuno ndimagwira ntchito usana ndi usiku, ndalama zake n'zachiyani ngati mayi anga akukwawa? Azungu kuno amapangidwa ali ndi zaka 75, n'kumayenda m'mashopu. Chifukwa chiyani wathu yekha tiziti adikire? Tikadikira afika 72, pamenepo adokotala adzati mwachedwa.

Mayi a Shakira: Achimwene, palibe akukana kuti mumawakonda mayi. Koma amene adzawasambitse ndi kuwatembenuza usiku ndine, inu muli kutali. Ndiloleni ndimvetse kaye zomwe tikulowamo.

Aphunzitsi opuma: Ana anga, ndiloleni ndilowepo, chifukwa zitsulo zikukambidwazi ine ndili nazo m'thupi. Ndinapangidwa ku India ndili ndi zaka 66, ana atasonkherana. Vuto langa linali ngati la mayi anuwo, ndinkalephera kuima kutsogolo kwa tchalitchi kuwerenga mawu mpaka kumaliza. Anandiika zitsulo ziwiri zazitali ndi misomali yake kuyambira pansi pa nthiti mpaka m'chiuno, n'kuika tizidutswa ta fupa kuti mafupawo amere pamodzi.

Chabwino ndi ichi, moto wa m'miyendo unatha. Pano ndimayenda kuchoka kunyumba mpaka pa mlatho wa Bakili Muluzi n'kubwerera. Zimenezi ndinali nditaziiwala.

Koma mverani zinazi. Opaleshoni inatenga maola ambiri, ndinataya magazi mpaka anandiwonjezera, ndinadzukira ku ICU, chipinda cha odwala mwakayakaya, ndili ndi paipi ya mkodzo. Masabata oyamba ululu wa bala unaposa umene ndinapita nawo, ndipo panali usiku wina umene ndinalira ngati mwana. Miyezi yoyamba anandiletsa kuwerama, kupotoka ndi kunyamula kanthu kolemera. Anandiuza kuti zitsulo zimangogwirizira, ntchito yeniyeni ndi ya fupa kumera, ndipo zimatenga miyezi 6 mpaka chaka. Lero ululu wa msana ulipobe pang'ono, makamaka kukazizira. Msana wakumunsi sugwedera konse. Nsapato za zingwe ndinasiya, zikhadabo za kumapazi amandiwenga ndi amayi a kunyumba, pamphasa sindikhala chifukwa kudzuka kwake ndi nkhondo. Kumaliro amandifunira mpando. Chimbudzi chonyonyomala sindingathe, tinamangitsa chokhalira. Kabaza wa njinga yamoto ndinasiyiratu.

Atandifunsanso lero ndingavomerebe. Koma ine ndimakhala m'tauni, madzi ali m'nyumba, ndimagona pabedi, ndimadya penshoni, sindigwira khasu. Mayi anuwo moyo wawo uli pansi, pamkeka, pamafuwa, kumunda. Jafali mwana wanga, azungu ukuwaona m'mashopuwo akabwerera kwawo sakakoleza moto chowerama.

Jafali (Joni): Ndamva bambo. Za chimbudzi ndi bedi tingathe kukonza. Koma pali china chomwe ndikudziwa kuti mayi afunsa choyamba. Swala adzaswali bwanji ngati sangawerame?

Shehe Twaibu: Salaam aleikum. Pa swala musade nkhawa. Chiphunzitso n'chomveka bwino, wodwala aswali choimirira, akalephera aswali chokhala, akalepheranso aswali chogona cham'mbali. Pampando swala yawo ndi yokwanira, ndipo ku mizikiti yathu achikulire ambiri amatero kale. Chimene banja liganizire ndi kudziyeretsa pochoka kuchimbudzi ndi kusambitsa mapazi pokonzekera swala. Mayi wachikulire amene wadzichitira yekha zimenezi moyo wake wonse, kuti ayambe kudalira mwana kapena mdzukulu, zimamupweteka mumtima. Muwauze zoona zake asanavomere, asadzazidziwire pabedi.

Abiti Daudi: Ine ndinakhalapo gadiyani wa apongozi anga atathyoka chiuno, ndiye ndikudziwa zomwe Mayi a Shakira akunena. Amuna amatumiza ndalama, Mulungu awadalitse, koma wogona pansi pa bedi la wodwala ndi mkazi. Inu mumagwira ntchito, tchuthi cha miyezi itatu akupatsani? Ana anu aziwaphikira ndani? Komanso msewu. Munthu wa bala pamsana, minibasi ya Mangochi kupita ku Blantyre, atapanikizana ndi madengu, n'kubwereranso tsiku lina kukaonetsa bala. Pamafunika galimoto yapadera ulendo uliwonse. Zonsezi muziwerengere pamodzi ndi mtengo wa opaleshoni.

Thoko (namwino, Leeds): Ndine mwana wa ku Monkey Bay, ndimagwira ntchito mu wodi ya mafupa kuno. Achimwene a Jafali, n'zoona kuti kuno a zaka 75 amapangidwa, koma simuona amene amabwezedwa, ndipo ndi ambiri. Msinkhu pawokha si umene umaletsa. Amayang'ana mtima, mapapo, impso, shuga, ndipo koposa zonse kulimba kwa mafupa.

Pali kafukufuku wa Justin Smith ndi anzake wa 2011 amene madokotala amamutchula kawirikawiri. Mwa odwala scoliosis amene anapangidwa opaleshoni, a zaka 25 mpaka 44 amene anakumana ndi zovuta anali 17 pa 100, a zaka 45 mpaka 64 anali 42 pa 100, a zaka 65 mpaka 85 anali 71 pa 100. Zovutazo anawerenga zazing'ono ndi zazikulu zomwe. Koma kafukufuku yemweyo anapezanso kuti achikulirewo ndi amene anapindula kwambiri pa ululu ndi kayendedwe, chifukwa ndi amene analowa akuvutika kwambiri. Ndiye inu mukunena zoona, achemwali anunso akunena zoona.

Za mafupa. Amayi akasiya kusamba mafupa awo amayamba kufewa. Msomali sugwira pa thabwa lofumbwa, n'chimodzimodzi misomali ya pamsana pa fupa lofewa, imakhwefuka, kapena fupa la pamwamba pomwe zitsulo zathera limaphwanyika, munthu n'kubwereranso ku fiyeta. Kulimba kwa mafupa amayeza ndi makina otchedwa DEXA, ndipo akapeza -2.5 kapena kutsika apo amati ndi osteoporosis, matenda a kufewa kwa mafupa, amayamba kaye mankhwala olimbitsa mafupa. Funsani dokotala wanu komwe mungayezetse. Shuganso ayezedwe HbA1c, imene imaonetsa mmene wakhalira miyezi itatu yapitayi. Shuga wokwera amaitana mafinya pabala, ndipo mafinya akafika pa zitsulo kuwachotsa kwake n'kovuta zedi. Funso lina, pepani, mayi amagwiritsa ntchito fodya?

Mayi a Shakira: Sasuta, koma chingambwe chija choika m'kamwa ndiye sachisiya.

Thoko (namwino, Leeds): Chimenechonso chili ndi nikotini, ndipo nikotini amalepheretsa fupa kumera. Fupa likapanda kulumikizana, zitsulo zimanyamula katundu zokha mpaka zimathyoka. Kuno madokotala ambiri sakhudza wodwala asanasiye fodya wa mtundu uliwonse.

Mai Nyirenda: Pepani ndilowerere. Bambo anga nawonso msana wapindika, ali pa ma ARV zaka zambiri. Amenewa angapangidwe?

Bambo Mbewe: Angathe, ngati akumwa mwandondomeko ndipo tizilombo tatsika m'magazi. Dziwani chabe kuti tenofovir, amene ali m'mankhwala omwe ambiri akumwa pano, amachepetsako kulimba kwa mafupa, ndiye kuyeza mafupa n'kofunika kwambiri kwa iwo. Asasiye mankhwala, angouza dokotala.

Ndibwerere kwa Mayi a Shakira. Pakati pa kusachita kanthu ndi zitsulo zofika m'chiuno pali njira zina, ndipo pagulu pano sitinazikambe. Ngati MRI ionetsa kuti mtsempha wafinyika pamalo amodzi kapena awiri, dokotala angathe kungochotsa kachigawo ka fupa ndi zofinyazo, osaika zitsulo. Opaleshoni imeneyi ndi yaifupi, magazi otayika ndi ochepa, munthu amaweramabe. Vuto lake n'lakuti pa msana wopindika, malo otsegulidwawo amatha kugwedera, kupindika n'kuwonjezeka, ululu n'kudzabwerera. N'chifukwa chake ena amatsegula n'kulumikiza mafupa awiri kapena atatu okha pamalo ovutawo. Yaikulu ija ya Aphunzitsi imayenera munthu amene thupi lonse lagwera kutsogolo kapena kumbali moti sangaime mowongoka. Palinso jakisoni wa pamsana wochepetsa kutupa kwa mtsempha, amene kwa ena amapereka mpumulo wa masabata kapena miyezi.

Mayi anu akudandaula mwendo kuposa msana. Odwala otere ndi amene opaleshoni imawathandiza bwino, chifukwa ululu wa mwendo umamvera mpeni kuposa ululu wa msana. Ndiye ine sindikunena kuti akane. Ndikunena kuti funso likhale lakuti, kodi opaleshoni yaing'ono kwambiri imene ingawabwezere kuyenda ndi iti?

Jafali (Joni): Nanga malo? Ine ndimaganiza India chifukwa kwathuko sindikhulupirira.

Bambo Mbewe: Musathamangire kunja musanamve za kuno. Ku Lilongwe, pa Kamuzu Central, kuli LION, chipatala cha mafupa ndi ubongo chomwe chinatsegulidwa mu 2023, ndipo ku Queens ku Blantyre kuli madokotala a mafupa ndi a mitsempha. Kaya angathe mtundu weniweni womwe mayi akufunika, akuuzani okha akaona MRI. Kumva kwa dokotala wachiwiri si kunyoza woyamba. Boma limatumiza odwala ena ku India kudzera ku unduna wa zaumoyo, koma mzere wake ndi wautali.

Za kunja ganizirani ichi. Wokuikani zitsulo ali ku India, bala layamba kutuluka madzi mayi ali ku Malindi, muthamangira kwa ndani? Musananyamuke mukhale ndi dokotala wa kuno amene wavomera kudzawatsatira, ndipo pobwera mutenge makalata onse ndi dzina la mtundu wa zitsulozo. Ulendo wautali wa pandege munthu atangopangidwa kumene umawonjezeranso chiopsezo cha magazi kuundana m'miyendo.

Aphunzitsi opuma: Zoona zimenezo. Ine bala litayamba kufiira nditabwerako, chipatala china chinandibweza, amati bwererani kwa amene anakupangani. Anandithandiza ndi dokotala wina wachifundo. Ndikanakhala kumudzi sindikudziwa zikanatha bwanji.

Gogo Nasibeko: Akundilembera ndi mdzukulu wanga. Ine ndili ndi zaka 73, ndimakhala ku Mpondasi. Anandiuza za zitsulo zomwezi, ine ndinakana chifukwa mtima wanga ndi wofooka, adokotala nawonso sanalimbikire. Ndimayenda ndi choyendera cha miyendo inayi, ndimachita mafizo omwe anandiphunzitsa, panjira ndimadziwa pomwe pali mwala kapena khonde lopumira. Sindinachire, ndipo chaka chino ndikuyenda pang'ono kuposa chaka chatha. Kumunda ndinasiya. Koma ndimasamba ndekha, ndimaphika ndekha, ndimakhala pamkeka ndi anzanga. Mwana wanga, amene akukana asaganize kuti zikhala chomwecho mpaka kale, zimatsika. Amene akuvomeranso asaganize kuti abwerera ku utsikana. Afunseni mayi anuwo chimene sangapirire kuchitaya.

Chisomo wa mafizo: Agogo anena zomwenso ofufuza anapeza. Kafukufuku wa ku America ndi Canada wa 2019, woyerekeza opangidwa opaleshoni ndi osapangidwa pa scoliosis ya kumunsi kwa msana, anamaliza ndi mfundo yakuti amene akukhutira ndi mmene alili asapangidwe, koma adziwe kuti mwina sadzapeza bwino kuposa pamenepo, pomwe amene sakukhutira ndipo akufuna kusintha, opaleshoni ndi imene imasintha zinthu.

Pakadali pano, Mayi a Shakira, yambani ndi zomwe zili pafupi. Pitani nawo ku mafizo pachipatala cha boma. Ndodo aigwire mbali yomwe siikupweteka. Usipa ndi matemba azidya ndi minga yomwe, muli kashiamu wambiri, ndipo ku Malindi sizisowa. Chidebe cha madzi pamutu asiye.

Che Amidu wa ku Namwera: Ine ndidakali pomwe ndinali, kholo langa sindingalipereke. Koma za TB ija ndaphunzirapo, ndipo kuno ku Namwera kuli mnyamata wina wayamba linunda ngati lomwe lija. Mawa ndikalankhula ndi makolo ake apite naye kuchipatala.

Mayi a Shakira: Ndabwera kudzakuuzani pomwe tafika. Loweruka ndinapita kumudzi, ndinawawerengera mayi zonse zomwe mwalemba, za Aphunzitsi ndi za Gogo Nasibeko ndinabwereza kawiri chifukwa anapempha. Azakhali ndi amalume analipo, achimwene anali pa foni. Mayi anamvetsera osadula mawu, kenako anati iwo zowongoka sakuzifuna, palibe amene akukamuonetsa msana. Akufuna azifika ku mzikiti Lachisanu ndi kumaliro a anzawo popanda kukhala pansi panjira anthu akuwayang'ana. Zoti asadzakhalenso pamkeka, kapena kuti mdzukulu aziwathandiza kuchimbudzi, anakanitsitsa. Anati ngati ilipo yaing'ono yongomasula mwendo, imeneyo angaimve. Chingambwe anati ayesa, koma sanalonjeze.

Ndiye tagwirizana kuti tijambulitse MRI, tiyezetse impso, shuga ndi mafupa, ayambe mafizo, kenako tikamve kwa madokotala awiri. Diclofenac tawalanda, a kiliniki awapatsa ena. Ndinawafunsanso za kusesa zija, akuti akawerama mwendo umapepukadi.

Jafali (Joni): Ine mumtima ndimafunabe yaikulu ija kuti zithere kamodzi, koma thupi ndi lawo. Ndalama ya MRI ndi galimoto nditumiza mwezi ukatha. Chimbudzi chokhalira timange pompano, kaya apangidwa kaya ayi, chifukwa kunyonyomala akuvutika nako kale. Koma achemwali, mwendo ukayamba kufooka musandibisire.

Bambo Mbewe: Jafali wanena mfundo. Muziwaona mwezi ndi mwezi ngati angathe kuimira zidendene ndi zala za kumapazi atagwira khoma. Phazi likayamba kugwa, kapena mtunda womwe amayenda ukafupika msangamsanga, musadikire tsiku lomwe anakupatsani.

Popita kwa dokotala mutenge buku lawo la kuchipatala, mankhwala onse m'mapaketi ake, ndi X-ray zakale zomwe, chifukwa poyerekeza yakale ndi yatsopano ndi pomwe amaona ngati kupindika kukuwonjezeka. Ngati n'kotheka ajambulidwenso ataimirira, msana wonse, kutsogolo ndi cham'mbali, chifukwa yogona imabisa kupindika. Ku MRI mupemphe akupatseni zithunzi zenizenizo pa CD, osati lipoti lokha. Mumufunse dokotala mafupa angati akufuna kulumikiza, ngati zitsulo zifika m'chiuno, opaleshoni zoterezi amachita kangati pachaka, magazi ndi bedi la ICU zidzakhalapo, ndipo zikavuta mudzamupeza kuti. Mayi ngati amamasuka bwino m'Chiyao, alankhule Chiyao inu muzimasulira, koma ayankhe okha.

Mayi a Shakira: Ndalemba zonse. Funso lomaliza, ku MRI ndamva kuti amagona chagada nthawi yaitali osagwedezeka. Mayi chagada sakhalitsa, mwendo umayamba. Tichite bwanji?

Thoko (namwino, Leeds): Muwauze ojambulawo musanalowe. Amaika pilo pansi pa mawondo, ndipo zimenezo zimamasula msana wakumunsi. Amwe mankhwala awo a ululu ola limodzi isanakwane nthawi. Kujambula kwa kumunsi kwa msana kumatenga mphindi 20 mpaka 30, makinawo amachita phokoso lalikulu koma sapweteka. Ndolo, zibangili, mapini a mpango ndi chilichonse chachitsulo avule, ndipo ngati ali ndi chitsulo china m'thupi kuchokera ku opaleshoni yakale munene asanalowe m'chipindamo.